Seramu ya ku Joni ndi moni wa asewere

Mukamva anthu a kuno ku Domasi akunena kuti ine ndinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mwana wanga ndi nkhope yokha, musawatsutse. Ndi zoona. Koma nkhaniyi imveni kwa mwini wakene, chifukwa amene akuifalitsa kuchigayo akuithira mchere wambiri.

Ine ndine mlimi wa mpunga, ndipo dzuwa la kudimba silisiya munthu. Makwinya ndili nawo, pamphumi ndi m'mbali mwa maso, koma sanandisowetsepo tulo mpaka pamene mwana wanga Tadala anapeza mwamuna. Mnyamatayo ndi Yusufu, Msilamu wa cha kwa Malemia konkuno. Poti ine ndimatsogolera amayi kutchalitchi kwathu, anthu anayamba manong'onong'o akuti sindikumufuna chifukwa cha chipembedzo. Bodza lenileni. Mnyamata waulemu ngati ameneyo ungamukane uli bwinobwino?

Ndiye mayi ake a mnyamatayo, Abiti Juma, amene lero ndi asewere anga, anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka m'mawa kudzaona pakhomo ankhoswe asanakumane. Mayiwo ndinali nditawaonapo kamodzi ku Malosa. Ndi aakulu kwa ine, koma khungu lawo lili see, ngati sanagwirepo khasu. Ndisaname, zinandiwawa. Ndinati pa zithunzi za ukwati anthu adzayesa ine ndine agogo a mkwatibwi.

Ndinadandaulira mng'ono wanga Eneless amene amagwira ntchito ku Joni. Iye anati kumeneko madona amabayitsa jakisoni kumaso kuti makwinya athe. Jakisoni kumaso! (Ine wapamkono yemwe amachita kundigwira anthu awiri.) Eneless anaseka, nati palinso mankhwala ongopaka otchedwa seramu, ndipo ananditumizira kabotolo kochepa ngati chala. Malangizo anandiuza pafoni.

“Kadontho kamodzi basi, achemwali. Mukapaka, nkhope isagwedezeke mpaka iume. Osaseka, osalankhula. Mukaigwedeza isanaume imang'aluka n'kuchita mbuu.”

“Zimenezo n'zosavuta,” ndinatero ine, munthu amene ngakhale kutulo ndimalankhula.

Loweruka linafika. Ndinasesa bwalo, ndipo nkhuku ndinakachinjitsa kwa aneba athu achisilamu kuti alendo adye ndi mtima umodzi. Kenako ndinalowa kuchipinda ndi kabotolo kanga. Kadontho kamodzi? Eneless anaiwala ulimi. Munda woguga suuthira feteleza wofanana ndi wa mphanje. Ndinapaka pamphumi, m'masaya, pachibwano, n'kubwerezanso kuti zikhazikike.

Abale anga, mankhwala aja amagwira ntchito, zimenezo sindisintha. Ndinamva khungu likukokeka, ndipo pagalasi makwinya ankazimirira ndikuona. Ndinadziuza kuti nthawi ilipo yambiri, poti mlendo wa kuno akati m'mawa amafika dzuwa litapendeka. Ndinaiwala kuti Abiti Juma ndi mayi wa geni, wozolowera kulawirira.

“Odi kuno!”

Nkhope inali isanaume. Kusamba kukanatenga nthawi, komanso mankhwala ochokera kutali chonchi ungangowataya? Ndinati ndipirira pang'ono, ziuma tili pamkeka. Ndinatuluka khosi lili njo, nkhope ili gwa.

Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno moni si wongodutsa. Abiti Juma anali atabwera ndi mng'ono wawo, ndipo abambo ake a Tadala anali atawakhazika kale pakhonde.

“Mwadzuka bwanji, amayi?” anatero Abiti Juma.

“Mmm,” ndinayankha ine, uku ndikuomba m'manja mwamphamvu kuti manja alankhule m'malo mwa pakamwa.

“Ana ali bwanji pakhomo pano?”

“Mmm.”

Mng'ono wawo naye anapereka moni wake, n'kulandira “mmm” wakewake. Abambo ake a Tadala anandiyang'ana ngati andiona koyamba. Abiti Juma anayesa kukonza zinthu.

“Ife Tadala tamukonda, ndi mwana woleredwa bwino. Tikhulupirira kuti nanunso mwana wathu mwamulandira.”

Ndinagwedeza mutu kuvomera, koma tangoganizani munthu akuvomera nkhope ili ndwii, maso ali tong'o. Bambo aja poona kuti zinthu zikuipa anaganiza zondipulumutsa.

“Pepani alendo athu, mayiwa dzino lawavuta chidzukireni.”

Apa ndiye ndinalakwitsa zenizeni. Mano anga ndi athunthu, ndimatafuna nawo mzimbe mpaka lero, ndipo sindilola munthu kuwanamizira. Ndinapukusa mutu kukana. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze.) Tsopano alendo anadziwa kuti si dzino. Ndiye chatsala n'chiyani?

Abiti Juma anakonza mpango wawo pang'onopang'ono, nalankhula modekha.

“Amayi, mphekesera tinazimva, zoti chipembedzo chathu simukuchifuna pakhomo pano. Sitinakhulupirire, n'chifukwa chake tabwera tokha. Koma nkhope sinama. Tisakakamizane, ana tikawauza.”

Anaimirira, mng'ono wawo nayenso. Pamenepo ndinaona Tadala ataima pakhomo la khitchini, beseni la madzi osamba m'manja lili m'manja mwake, misozi ikutsika mwakachetechete. Sankayang'ana alendo, ankayang'ana ine. Mtima wanga unasweka. Mwana ankaganiza kuti mayi ake amunamiza miyezi yonseyi, n'kudzamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ake.

“Asewere, khalani pansi chonde!” ndinakuwa. “Yusufu ndimamufuna kuposa mmene Tadala amamufunira!”

Ndinamva nkhope ikuthetheka. Inang'aluka ngati dimba la mpunga m'chilimwe, ndipo tizidutswa toyera tinayamba kuyoyokera pachitenje changa chatsopano. Poti madzi akatayika saoleka, ndinaulula zonse: za Eneless, za jakisoni, za feteleza, ngakhale zoti khungu lawo ndi limene linandisowetsa mtendere. Zonsezi pamaso pa mwamuna wanga, amene ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Abiti Juma anandiyang'anitsitsa. Kenako anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi okha osauzidwanso. Atapuma anaitana Tadala.

“Bwera nawo madziwo, mwana wanga.”

Ananyowetsa nsonga ya mpango wawo n'kuyamba kundipukuta kumaso, mlendo kupukuta mwini khomo ngati mwana wodya mango. Makwinya anga onse anabwerera m'malo mwake, palibe limene linasochera.

“Eya,” anatero. “Awa ndiye amayi ake a Tadala. Ena aja sindinawadziwe, n'chifukwa chake ndimathawa.”

Nkhuku inadyedwa, ankhoswe anakumana, ukwati unachitika. Koma tsiku limenelo Tadala sanandilankhule mpaka madzulo, ndipo atatsegula pakamwa anangoti, “Amayi, mukanachedwa pang'ono akanapita.” Mawu amenewo amandilasabe.

Akuluakulu anati ukaipa nkhope dziwa nyimbo. Ine nyimbo ndinkaidziwa kale, ndi moni ndi kuseka, koma ndinaitseka pakamwa pofuna kukonza nkhope. Musaganize kuti ndinataya kabotolo kaja. Kalipo, ndipo ndikunenetsa kuti vuto silinali mankhwala. Amangofuna munthu akhale kanthawi osapatsidwa moni, ndipo ku Domasi kuno kanthawi koteroko sindinakapeze. Ndikangoti nditsegule, wina ali “odi” panja. Kawirikawiri amakhala Abiti Juma, ndipo sakhala pamkeka asanandiyang'ane kumaso n'kunena kuti, “Sekani kaye, asewere, ndione ngati ndinu.”