Kambaula Kanga pa Tsiku Londisudzula

Zimene ndinataya Loweruka lija ndi izi.

Valuvula imodzi mwa ziwiri zimene ndinali nazo.
Khungu la zala ziwiri za dzanja lamanja.
Malaya oyera.
Ndowa ya thobwa, yosakhala yanga.
Mantha amene ana asukulu anali nawo pa ine.

Mina, mkazi wanga, sindikumuwerengera pamenepa. Iyeyo anali atamwalira chaka chathunthu m'mbuyomo, ndipo za zimenezo sindilemba zambiri.

Ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale (kuno mphunzitsi timati pulofesoli). Kwathu ndi kumtunda, ku Maniamba, koma ndinakwatira ku Chiwanga, ndipo nyumba tinamanga pa malo a amayi ake a Mina, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Ndili ku koleji ku Lichinga ndinadziwana ndi mdala wina wokonza mawailesi, amene anandiphunzitsa kupanga kabokosi kotchedwa pre-amplificador. Ntchito yake ndi yochepa. Kamalandira nyimbo kuchokera mu foni, n'kuikonza pang'ono isanapite ku ampu yaikulu imene imakankha masipika (kuno timati makoluna). Kanga kali ndi mavaluvula, timabotolo tagalasi totalika ngati chala, timene timafiira m'kati tikatentha. Ndinakapanga ndekha, miyezi isanu ndi itatu. Tsiku limene kanayaka koyamba, Mina anakayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kambaula kabwino, a pulofesoli. Kamawotcha mbatata?" Dzina linakhala lomwelo.

Ndinene chilungamo pa kambaula, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kamasankha nyimbo. Mukakapatsa mawu a munthu, kwaya, kapena gitala wouma wa nyimbo zakale, woimbayo amakhala ngati wakhala nanu pa mkeka, mpaka mumamva pamene akukoka mpweya. Nyimbo za chiwoda zimatuluka bwino, makamaka amayi akamapolokezana. Za mganda zimayamba kuvuta, chifukwa ng'oma yaikulu ija imamveka ngati yagona pa mvula. Koma za achinyamata a masiku ano, pandza ndi amapiano, zija besi yake imagwedeza malata, kambaula sikazifuna n'komwe. (Mwina zogula m'masitolo akuluakulu zimatha. Kanga ayi.) Choyamba, besi imasanduka phala. Chachiwiri, ndipo ichi muchisunge, valuvula ikagwedezeka imamva kugwedezekako ngati maikolofoni, n'kukutumiza ku makoluna. Makoluna amaigwedezanso valuvula. Zikayamba kuzungulira choncho sizisiya zokha. Izi ndimaphunzitsa m'kalasi, ndi choko, ndi mivi yozungulira pa bolodi.

Mina ankatsogolera nyimbo mu kwaya ya kutchalitchi. Mawu ake ndili nawo pamalo amodzi okha: mphindi zinayi zimene ndinajambula mu foni m'mawa wina, iye osadziwa, akutembenuza usipa pa thandala uku akuyeseza nyimbo ya Pasaka. Chaka chonse ndinkamvera ndekha kudzera mu kambaula, chitseko chotseka. Palibe amene ankadziwa.

Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa khitchini ndinamva apongozi anga akuuza mnzawo kuti, "Nkhope ndimaiona pa chithunzi. Koma mawu a mwana uja ayamba kundithawa m'makutu."

Ndinaima pomwepo, njinga m'manja. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuwamvetsa. Koma kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sakhalirana pafupi. Zaka zinayi zonse moni tinkapatsana cha patali, iwo atagwada, ine nditanjuta, ndipo tikakumana pa kanjira kopita kunyanja mmodzi ankapatukira m'chinangwa. Kutenga foni n'kukawaikira kukhutu zinali zosatheka. Ndiye ndinakonza pulani ya munthu wophunzira. Tsiku londisudzula linali pafupi, tsiku limene abale a mkazi amamasula wamasiye kuti maliro atha. Anthu adzasonkhana pa bwalo, padzakhala makoluna. Ine ndidzakhala kwanga, apongozi kwawo, ndipo mawu a Mina adzayenda okha pakati pathu, atakonzedwa bwino ndi kambaula. Sindinauze aliyense. Ndinkafuna kuti zidzangochitika.

Mwambo weniweniwo sunatenge nthawi. Atsibweni ake a Mina, a Berinado, anaimirira pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti, "A pulofesoli, mwalira nafe mokwanira. Lero tikukumasulani. Mukafuna kukwera ku Maniamba, msewu ndi uwo. Mukafuna kukhala, nyumba munamanga nokha." Ndinawomba m'manja. Ndinali nditavala malaya oyera amene Mina anasita komaliza, amene anakhala chipindire m'sutikesi chaka chonse. Kenako anthu anadya chambo ndi kondowole, ndipo nthawi ya nyimbo inafika, chifukwa maliro akatha pamafunika phokoso.

Makoluna anali a mlamu wanga Zakeyu, mchimwene wake wa Mina, msodzi. Anabadwira ku Malawi banja lawo litathawa nkhondo, ndipo mpaka lero amalankhula ngati injini ya boti ikulira pambali pake. Makoluna akewo ndi aatali kufika m'chiuno mwanga. Batire ndi mawaya zinalinso zake.

Kulakwa koyamba: katebulo kamene ndinakonza kuikapo kambaula, amayi ophika anali atakatenga kuikapo mbale. Kukawalanda sindikanatha. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuika kambaula pamwamba pa koluna. Ndinadziuza kuti ndi mphindi zinayi zokha, ndipo mawu a Mina alibe besi.

Kulakwa kwachiwiri: ndinachotsa chivindikiro kuti anthu aone mavaluvula akufiira. (Inali nthawi yamasana, dzuwa lili paliwombo. Palibe anaona kanthu.)

Kulakwa kwachitatu: mavaluvula amafuna kanthawi kuti atenthe, ndipo mphunzitsi akaona anthu atakhala chete amayamba kuphunzitsa. Ndinayamba kufotokoza za mmene magetsi amadumphira m'kati mwa galasi. Ndinafika mpaka pojambula pa mchenga ndi kamtengo. Ana asukulu anga, amene anabwera ambiri ndithu, anaweramitsa mitu monga amachitira m'kalasi.

"Alamu," anatero Zakeyu, "belu silinalire? Anthu adya, miyendo ikuyabwa."

"Katsala pang'ono kutentha."

"Ndiye tikayese ndi yanga, tione ngati kapsa." Anali atatulutsa kale foni yake.

"Si ka nyimbo zimenezo," ndinatero.

"Ha! Wailesi yosala zakudya?" Anatembenukira kwa anthu. "Mwamva? Kambaula ka alamu n'kobatizidwa. Kamangomva kwaya!"

Anthu anaseka. A Berinado nawo anaseka. Apa munthu wanzeru akanangonena mawu ochepa: ndili ndi mawu a Mina. Bwalo lonse likanakhala chete, Zakeyu akanabweza foni m'thumba. Koma dzina lakelo ndinalephera kulitchula, monga ndinkalepherera chaka chonse. Ndiponso, ndivomere, zinandipweteka kuti chinthu chimene ndinapanga miyezi isanu ndi itatu chikusekedwa ndi munthu amene amalumikiza mawaya ndi mano.

"Kamaimba chilichonse," ndinatero, n'kumupatsa chingwe.

Kumeneko kunali kulakwa kwachinayi, ndipo ndinakudziwa chingwe chisanachoke m'dzanja langa.

Nyimbo za amapiano zimayamba mwaulemu. Tizisekese pang'ono, kamawu ka mtsikana kutali. Zinatuluka bwino kwambiri, mpaka Zakeyu anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Iii, koma kamakoma." Ndinapinda manja pachifuwa. Atsikana awiri analowa m'bwalo. Zakeyu anakweza voliyumu.

Kenako besi inagwa.

Kugunda koyamba kunamveka ngati wina waponya thumba la chinangwa chonyowa. Kwachiwiri ndinaona mavaluvula akunjenjemera. Kwachitatu kunayamba kulira. Kunayambira pansi, ngati sitima ikufika padoko, n'kukwera mpaka kufika pa nkhumba yogwidwa mwendo, n'kupitirira pamenepo. Nkhuku zinauluka. Mwana wina wakumsana anayamba kulira, koma sankamveka, tinkangoona kukamwa. A Berinado anagwetsa chikho. Ndipo kambaula kanayamba kuyenda, pang'onopang'ono, kakudumphadumpha pamwamba pa koluna kulowera m'mphepete.

"Zimitsa!" ndinakuwa.

"Ati chiyani?" anakuwa Zakeyu.

Ndinathamanga. Ndi dzanja lamanzere ndinazula waya wa batire, phokoso linatha. Ndi lamanja ndinawakha kambaula kakugwa. Ndinakawakha bwino kwambiri, moti ndikanakhala goloyi anthu akanandinyamula. Vuto linali lakuti chivindikiro ndinali nditachotsa ndekha, ndipo zala ziwiri zinalowa m'kati.

M'kambaula muli kachitini kamene kamasunga magetsi ngakhale mwazimitsa. Chaka chilichonse ndimauza ana kuti asadzakhudze kachitini kotero. Ndimalemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu, n'kudula mzere kunsi. Tsiku limenelo ndinawaonetsa chifukwa chake.

Sindikumbukira kuponya kambaula, koma kanapezeka pafupi ndi thandala. Chimene ndikukumbukira ndi mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga. Anali a Chipwitikizi, amodzi okha, amene sindinawanenepo chibadwire, ndipo anatuluka bwalo lili zii, pamaso pa amayi a kwaya. Ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kukhala pansi. Pamene ndinakhalapo panali ndowa ya thobwa.

"A pulofesoli atukwana," anatero wina mwa ana asukulu, mwaulemu, ngati akuwerenga chilengezo.

Zakeyu anabwera kudzandidzutsa, akulephera kupuma ndi kuseka. "Alamu, pepani. Mbaula yawotcha mwini wake." Thobwa linali litafika mpaka m'khosi mwa malaya. Valuvula imodzi inali itasweka, m'kati mwake mwachita mbuu. Ndinaitola, ndinaiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti pulani yanga yatha. Ku Niassa kuno valuvula simuigula pa msika.

Pamenepo ndinamva kuseka kumene sindinakumve chaka chonse. Anali apongozi anga, atagwira chitenje pakamwa, misozi ikutsika. Atapuma anafunsa, monga mwa mwambo, akuyang'ana a Berinado osati ine: "Achimwene, tawafunsani a pulofesoli. Amafuna kutiimbira chiyani chimene avutikira chonchi?"

Mwina magetsi aja anandimasula lilime. Ndinayankha ndekha.

"Mina, amayi. Ali mu foni. Akuimba."

Kuseka kunatha. Zakeyu anavula chipewa. Kenako anati chapansipansi, "Alamu, bwanji osanena? Bweretsani, tilumikize ku ampu mwachindunji."

"Iyayi," anatero apongozi. "Mwana wanga asatulukire m'chinthu chimene chalira ngati nkhumba chija. Abwere nayo kuno."

Ndinaima, thobwa likudontha. Pakati pa ine ndi mkeka wawo panali masitepe khumi amene sindinawayendepo.

"Mukuopa chiyani?" anatero, ulendo uno akuyang'ana ine. "Si akumasulani m'mawa uno? Bwerani, mwanangu. Koma musakhale pa mkeka, mundinyowetsera."

Ndinanjuta pa mchenga pambali pawo, ntchentche zitandipeza kale, n'kuyatsa foni ndi dzanja lamanzere. Kasipika ka foni yanga n'kong'aluka. Mawu anatuluka opyapyala ngati a m'chitini, mwera ukuwomba pamwamba pake, nkhuku ikutetera cha kumbuyo. Zonse zimene kambaula kamabisa zinali poyera. Ndinafuna kupepesa, kufotokoza kuti si mmene amamvekera.

"Chete," anatero, n'kukokera dzanja langa pafupi ndi khutu lawo.

Anamvera mpaka kumapeto, maso ali otseka. "Apa wathamanga," anatero penapake. "Kuyambira ali mwana amathamanga pamenepa." Kenako: "Nkhuku imeneyo ndi yanga ija yamawanga." Itatha anati, "Bwerezani." Ndinabwereza katatu. Amayi a kwaya anali atasendera pafupi, ndipo ulendo wachitatu anayamba kupolokeza chapansipansi, mpaka foni sinkamvekanso.

"Ndi iyeyu," anatero apongozi, n'kusiya dzanja langa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ku Maniamba sindinakwere, ndili ku Chiwanga konkuno. Zala zinapola. Ana asukulu samandiopanso, koma funso la kachitini kosunga magetsi onse amalikhoza. Valuvula ina ndaitanitsa kale kudzera kwa mnzanga wa ku Nampula, ndipo ndikunenabe kuti pa mawu a munthu palibe chimene chimaposa kambaula. Apongozi amabwera Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, amakhala pakhonde, ndipo amafuna foni yomweyo ya kasipika kong'aluka. Nkhani ya valuvula ndikaiyamba amayang'ana kunyanja.

Lamlungu lina anandifunsa funso limene ndikuganiza kuti analisunga nthawi yaitali. Tsiku limene Mina anadwala kwambiri iwo anali kumunda, ndipo anafika galimoto yopita naye kuchipatala itanyamuka kale. M'galimotomo Mina sanalankhulenso.

"Ananenapo kanthu?" anafunsa.

Ndinawauza. Mina anali atagona pakhonde pomwepo masana, thupi likutentha ngati chitsulo, tikudikira galimoto. Ine sindinkadziwa chochita ndi manja anga, ndiye ndinalowa m'nyumba kukayatsa kambaula kuti ndimuikire kwaya. Kanayamba kung'ung'udza, ndipo ndinatenga sikuludiraiva kuti ndikakonze. Pamenepo anandiitana. Ndinamvera, ndinazimitsa, ndinakhala naye mpaka galimoto inafika.

Apongozi anafuna mawu ake enieni, monga anawanenera. Nditawauza anaseka mpaka kupukuta m'maso. Mawu a Minawo anali awa:

"Zimitsani kambaulako, a pulofesoli. Kutentha ndili nako kokwanira. Bwerani mungokhala pano."