Adokotala a Kapinga

Pakampani ina panali bambo wina amene ankati udzu umadwala ngati munthu, ndipo ukatsutsa ankakuuza kuti wodwala ndiwe. Ntchito yawo inali yosamalira kapinga wa kutsogolo kwa maofesi. Aliyense ankangowatchula kuti Adokotala.

Amene ankawadziwa bwino ndi mayi wophika tiyi, poti zenera la khitchini yake linapenya pakapingapo. M'mawa uliwonse ankawaona atagwada, akununkhiza dothi, tiyi wawo akuzizira pawilibala.

Chaka china pakapingapo panatuluka zigamba zachikasu, zozungulira ngati mbale, m'mbali mwake mobiriwira kwambiri.

"Mwachulutsa feteleza, madala," anatero bwana wamkulu.

"Feteleza wake ndi wa miyendo inayi, bwana. Amabwera pagalimoto yanu Loweruka."

"Galu wanga ndi wophunzitsidwa."

"Ndiye tsiku la phunziro la mkodzo anajomba."

Loweruka lotsatira Adokotala anatsata galuyo ndi ndowa ya madzi. Akangokweza mwendo, iwo khuthu pomwepo, maso ali pa bwana. Galu uja sanabwerenso.

Nthawi ina udzu unauma chigawo chonse. Bwana anaitana katswiri wovala tayi, amene anayang'ana ali chiimire n'kunena kuti ndi chuku, pafunika kupopera mankhwala. Adokotala anangogwada pansi. Anagwira udzu woumawo n'kukoka, ndipo unayaluka ngati mphasa, mizu yonse itadyedwa. Pansi pake panali mbozi zoyera, zonenepa, zopindika.

"Tambasulani dzanja, achimwene." Anamuikamo zitatu. "Chuku chanu chikuyenda."

Nkhondo yeniyeni inabwera bwana atalamula kuti pakapingapo athire konkire, pakhale poimika magalimoto. Lole ya miyala itafika, inapeza Adokotala atakhala pampando pakati penipeni, chikwakwa chili pamiyendo.

"Chokanipo, madala."

"Thirani konkire wanuyo, bwana, koma muyambire pa ine."

"Ntchito yakutherani lero."

"Zikomo. Ndiye pano ndine mlendo. Mlendo mumamuthira miyala?"

Mayi wa tiyi ankaonera zonsezi pazenera. Ankadziwa kuti kunyumba kwa bambowa kuli adzukulu anayi oyang'ana kwa iwo. Komabe anatenga kapu ya alendo, ya maluwamaluwa, n'kukawapatsira tiyi pomwepo, dalaivala wa lole akuona. Makalaliki nawo anatuluka mmodzimmodzi n'kuima m'mbali. Dzuwa litafika pamutu lole inabwerera ndi miyala yake.

Kutacha Adokotala anabwera ndi paipi yawo ngati sipanachitike kanthu. Anachotsedwa ntchito katatu pa moyo wawo, koma palibe tsiku limene anajomba.

Chimene chinawachotsa ndi chifuwa. Atagonekedwa m'chipatala, mayi uja anapita kukawazonda ndi nthochi.

"Nthochi n'zachiyani, achemwali? Mawa mundibweretsere udzu."

Anaubweretsa atakulunga m'kampango. Bambowo anali atatha, mawu akutuluka movutikira, koma anautembenuza ndi chala, n'kuloza timadontho tofiirira pamasamba.

"Ichi ndiye chuku chenicheni. Akuthirira madzulo, udzu ukugona wonyowa. Kawauzeni athirire m'mawa, ndipo asamete mpaka pakhungu." Anapumira. "Nanenso adokotala a kuno ndawauza chimene chandidya. Akutsutsa."

Anamwalira Lachinayi la sabata yomweyo. Kumaliro bwana analankhula mwachidule, kuti pa zaka makumi awiri sanapambanepo mkangano ndi munthuyu, kenako n'kukhala pansi.

Wosamalira kapinga watsopano ndi munthu waulemu, chilichonse amangoti inde bwana. Udzu ndi wobiriwira ndithu. Koma pabwalopo pali zii, ngati nyumba imene ana apita kusukulu.

Tsiku lina mayi uja, atanyamula thireyi, anasiya njira ya njerwa n'kudutsa pakapinga penipeni, chinthu chimene sanayerekezepo chiyambire ntchito. Atafika pakati anaima, khutu lili tcheru. Wosamalira watsopano uja anangomupatsa moni.

"Ndikalipireni," anatero mayiyo. "Simukuona kuti ndaponda udzu?"