Disiko ya Masana kwa Dzoole

Lolemba

Zatheka. Akomiti ya tchalitchi kwa Dzoole avomera: Loweruka likubwerali ndikuimbitsa disiko ya achinyamata mu holo yawo. Yopanda mowa. Ya masana. Ine amene, munthu wa m'mabala ndi m'maukwati, yemwe zidakwa za kuno ku Nachisaka zimandinyamula m'mwamba ndikaziikira nyimbo yawo.

Anzanga akuseka. Akuti disiko yopanda mowa ndi kwaya. Aseke. Ine ndikudziwa chimene ndikufuna, ndipo muno sindinama: ndikufuna Tadala abwere.

Mwana wanga ali Fomu 2 tsopano. Chithereni ukwati wathu amakhala ndi amake kwawo kwa Dzoole, ndipo mawu onse pa iye ndi a malume ake, a Kamzingeni, amenenso ndi akatekisiti pa tchalitchi pomwepo. Ndikapempha kuti mwana adzaone bambo ake akugwira ntchito, yankho ndi limodzi: "Kumene mumaimbitsa inu kumanunkha kachasu." Chabwino. Kachasuyo ndamuchotsa. Tione chimene anene tsopano.

Ali kamwana ndinkamuimika pamwamba pa sipika yaikulu ija, ine n'kugwira kamwendo kuti asagwe. Besi ikagunda ankavina thupi lonse, mpaka makutu. Ndikufuna ndizionenso zimenezo. Ndamusowa mwana wanga.

Malamulo anga:
- Wonunkha mowa abwerere pakhomo.
- Mabotolo a madzi tiwanunkhize onse. Ana a masiku ano si opusa.
- Kokataya madzi azipita mmodzimmodzi.
- Nyimbo zothamanga zokhazokha. Yozizira imabweretsa kukumbatirana.
- Chakumwa: thobwa.

Thobwalo mlongo wanga Esinati waphika lero, zidebe zikuluzikulu. Akuti lero n'kufulumira kwambiri, koma mawa akupita ku Mtengowanthenga kukadikirira apongozi ake amene agonekedwa m'chipatala. "Lero kapena osaphika, sankhani." Ndasankha lero. Kunjaku kukuzizira, silingavute.

Lachiwiri

Kwa Dzoole, kukaonetsa nyimbo ku komiti. Sindinkadziwa kuti nyimbo nazo zimafunsidwa katekisimu.

A Kamzingeni ali pa benchi, dzanja kukhutu, maso otseka. Pambali pawo Mayi Nachisale, wapampando wa amayi. Ine ndikuliza pa laputopu, imodziimodzi, thukuta lili kamukamu m'khwapa.

Zagwa:
- zonse zotchula chiuno
- zonse za Chingerezi, chifukwa sakumva zimene zikunenedwa
- za ku mayiko ena, chifukwa ngakhale ine sindikumva
- ina yopanda mawu n'komwe. Akuti ng'oma yake ili ndi maganizo oipa.

Zatsala: za kwaya, ina yolimbikitsa kubzala mitengo, ndi zingapo zimene Mayi Nachisale aziteteza chifukwa phazi lawo linali litayamba kale kugunda pansi. Mulungu awadalitse mayi amenewa ndi phazi lawo.

A Kamzingeni akunditchula "a DJ". Kale ndinali "alamu", tinkasenda mtedza pa mkeka umodzi. Ndafunsa za Tadala mosaonetsa, ngati ndikufunsa za mitengo ya feteleza. Akuti, "Ali bwino. Wakula." Ndati abwera Loweruka? Akuti, "Tiona."

Mawu amenewo ndabwera nawo pa kabaza njira yonse, kuwatembenuza uku ndi uku, fumbi lili m'kamwa. "Tiona" si "ayi".

Lachitatu

Kwa Dzoole kachiwiri, kukamata zikwangwani.

Mawu oti "disiko" awafufuta. Tsopano ndi "Chisangalalo cha Achinyamata". Mwana wa ndani angasambe, kudzola mafuta, kubwereka nsapato za mnzake, chifukwa cha Chisangalalo cha Achinyamata?

Kenako nkhani ya mawindo. Ndili ndi getsi langa lozungulira, lofiira ndi lobiriwira, lomwe limagwetsera timadontho pakhoma. Masana siligwira ntchito. Ndapempha kuti titseke mawindo ndi ziguduli za fodya. A Kamzingeni andiyang'ana ngati ndapempha kuphika kachasu pa guwa. "Mdima ayi, a DJ." Mawindo akhala otsegula, onse.

Akufunanso kuti amayi onse a bungwe akhale mkati, m'mbali mwa khoma, ndi mayunifolomu awo. Apa ndiye ndalimba. Ndawauza kuti ntchito iyi ndaigwira, ndikuidziwa: mwana akaona mayunifolomu, miyendo imauma. Takangana mpaka tagwirizana kuti mkati mukhale Mayi Nachisale okha, ena akhale pakhomo azinunkhiza mabotolo. Imeneyi yokha ndawina.

Pobwerera ndamuona Tadala. Amachokera ku mjigo ndi anzake, ndowa pamutu. Poyamba ndimayesa ndi amake, kutalika kwake! Ndamuuza wa kabaza aime. Ndakweza dzanja. Iye waima pang'ono, kenako wapatuka n'kulowa kanjira ka m'munda wa chinangwa.

Sanandione. Dzuwa linali kumaso kwake. Komanso ndinavala chipewa chachilendo. Sanandione basi.

Lachinayi

Jenereta ikutsokomola. Ndaitsuka pulagi, ndaipukuta, ndaiyankhula bwinobwino. Yalira pang'ono n'kuzimanso. Madzulo yavomera, koma ikulira mokwiya.

Foni ya a Kamzingeni: theka la holo ladzaza matumba a mtedza wa chopereka cha masika, ndipo sachotsedwa mpaka wogula abwere. Ndiye ana azivina pakati pa matumba. Awonjeza kuti tiyamba ndi pemphero, titseka ndi pemphero, ndipo pakati pakhala "mawu ochepa" a iwowo. Mawu ochepa a a Kamzingeni ndimawadziwa. Pa ukwati wanga anthu anadya mpunga wozizira.

Ndayeserera zonena pa maiki. "Achinyamata a kwa Dzoole, manja m'mwamba!" Nkhuku zathawa. Ndikuganiza ngati ndimutchule dzina akalowa. Mwina achita manyazi. Mwina akondwa. Ndayesa kangapo motsitsa mawu: "Tadala walowa."

Ndasita malaya oyera aja. Ndameta.

Chinanso: thobwa layamba kuyankhula. Ukaika khutu pa chidebe ukumva tchi-tchi-tchi. Pamwamba pali kathovu. Ndalisunthira kuseri kwa chitseko kumene kuli kozizira. Ndalawa pang'ono. Lili ndi kaukali, koma ka ulemu.

Lachisanu

Mmawa ndapeza chivindikiro chili pansi. Nyumba yonse ikununkha ngati kwa mayi wogulitsa masese.

Dzuwa lisanakwere abwera a Gwaza, oyandikana nawo nyumba, amene sanandichezerepo chiyambire chaka. Mphuno ndi imene yawatsogolera. Alawa kapu imodzi, atseka maso, akuti, "Achimwene, amene waphika uyu ali ndi dzanja." Apempha ina. Pa yachitatu ayamba kundiuza kuti amandikonda.

Ndiye mowa wokhawo umene ukanalowa pa disiko yopanda mowa ndi wanga. Ndikanaunyamula ndekha, n'kuupereka kwa ana a eni ndi kapu, akatekisiti akuona. Ndakhala pa khonde. Tadala ndikanamuonanso ine?

Ndamuimbira Esinati. Waseka mpaka anamwino amutulutsa panja.

Zidebe ndawapatsa a Gwaza, achoke nazo zisandionekerenso. Madzulo ano kuseri kwawo kuli disiko kale, yopanda DJ.

M'malo mwa thobwa: nzimbe. Ndadula za kudimba kwa Esinati, ndazidula timapisi. Disiko ya nzimbe. Anzanga asamve.

Zimene zatsala pa pulani yanga:
- masipika
- malaya oyera
- "Tiona"

Loweruka

Tanyamuka ndi pikapu ya mnzanga yonyamula fodya. Masipika afika akununkha fodya wa chikopa, ine malaya oyera asanduka a khaki.

Ana abwera. Ambiri ndithu, kuposa mmene ndimaganizira. Akhala anyamata uku, atsikana uku, ngati pa Misa. Pemphero. Ndaika ya kubzala mitengo: palibe wagwedezeka. Ndaika ya kwaya: ayamba kuimba nawo atakhala pansi. Ndaika imodzi ya zija za phazi la Mayi Nachisale. Kamnyamata kena kadumpha pa thumba la mtedza, ena atsatira, fumbi kobo! Getsi langa likuzungulira lokha padzuwa, palibe akuliona, koma zilibe kanthu. Holo yagwira moto, wopanda dontho la mowa.

Maso anga ali pakhomo.

Walowa. Chitenje chomanga bwino, mpango kumutu, anzake awiri m'mbali. Maiki ili m'manja, dzina lake lili pakamwa, koma silinatuluke. Wabwera mpaka pakati, patali ndi tebulo langa, wagwada. Maso pansi. "Muli bwanji, bambo?" Ndayankha pa maiki mosazindikira, holo yonse yamva kuti ndili bwino kaya iye.

Wakakhala pa benchi. Anzake akhala naye. Ndaika nyimbo yabwino: ali phee. Ndaika yabwino koposa, ina imene komiti sinaimve: ali phee, manja pa maondo. Atsikana ena aona, nawonso ayamba kukhala pansi mmodzimmodzi. Ndakweza besi mpaka mtedza ukunjenjemera m'matumba. Chala chake chokha ndi chimene chikugunda pa bondo.

Mayi Nachisale abwera kuseri kwa tebulo, andikokera khutu pafupi. "Bambo a Tadala, simunauzidwe? Mwana uja anatha msinkhu, alangizi anamulanga mwezi wathawu. Namwali sagwedeza thupi bambo ake akuyang'ana."

Sindinauzidwe. Andiuza ndani?

Ndiye ku mjigo kuja anandiona.

Ndaima kanthawi ndikunamizira kukonza waya. Kenako ndandandalika nyimbo zonse pa laputopu kuti zizitsatana zokha. Ndawauza Mayi Nachisale kuti asakhudze chilichonse. Pa maiki ndati, "DJ akukaona jenereta." Ndatuluka.

Jenereta inalibe vuto. Lero lokha inali kulira bwino.

Ndakhala pa njerwa kuseri kwa holo, msana kukhoma. Nyimbo imodzi yatha. Ina yayamba. Kenako mkuwe, nthungululu, ndi mawu a ana onse pamodzi: "Ta-da-la! Ta-da-la!" Khoma likugunda pamsana panga. Windo lili pamwamba pa mutu wanga pomwepa, lotsegula. Kungoimirira basi.

Sindinaimirire. Akanandiona akanakhalanso pansi.

A Kamzingeni atulukira pakona, mawu awo ochepa ali m'thumba. Andiyang'ana, ayang'ana windo. Akhala pa njerwa ina. Atulutsa kapisi ka nzimbe, athyola pakati, andipatsa. "Idyani, alamu." Tatafuna mpaka nyimbo zatha. Mawu ochepa aja sanalankhulidwe.

Potseka, Tadala wabweranso, thukuta lili pamphumi, mpango uli m'manja. Wagwada patali pomwe paja. "Muyende bwino, bambo. Zinali bwino." Ndati zikomo, mayi. Sindikudziwa chifukwa chake ndamutchula mayi.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa ngati ndavina ndine.

A Kamzingeni aimba foni atatuluka m'tchalitchi. Akuti makolo akondwa, palibe mwana analedzera, thumba limodzi lokha la mtedza ndi limene laphulika. Akufuna ndidzabwerenso pa tchuthi cha Khirisimasi. Ndavomera. Ndingakane bwanji? Ndidzangopempha mpando, njerwa ija ndi yolimba.

Kwa DJ aliyense wofuna kuimbitsa ana, malangizo anga ndi awa:
- Thobwa phikani Lachisanu.
- Nyimbo zabwino musazionetse zonse ku komiti.
- Phunzirani kundandalika nyimbo kuti zizilira zokha.
- Ngati mwa ovinawo muli mwana wanu wamkazi, yambani mwafunsa amayi.

Dzulo tikukweza masipika m'pikapu ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa Mayi Nachisale kuti mwanayo amavina bwanji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka. "Ngati inu ndendende. Limayamba ndi phewa lakumanzere, thupi lonse n'kumatsatira pambuyo."

Ine sindinadzionepo ndikuvina.

Masana ano ndatseka chitseko, ndatsamiritsa foni pa sipika yaikulu, ndaika nyimbo ija motsitsa kuti a Gwaza asamve. Ndadzijambula. Kenako ndakhala pa bedi n'kuonera. Bambo wa kamimba, dazi likuwala, kabudula wong'ambika pa thumba, akudzigwedeza yekha pakati pa mawaya. Zochititsa manyazi zedi.

Koma phewalo ndaliona. Limayambadi lakumanzere. Ndaphimba nkhope ya bamboyo ndi chala, n'kubwezanso poyambira.