Kamtengo ka Amake Taonga

Pali pompi ina kuno ku Kanyama imene sindipitako masiku ano. Ili pafupi ndi khomo langa, mzere wake ndi waufupi, koma ndimalolera kuzungulira mpaka ku pompi ya kuseri kwa tchalitchi, ndowa ili kumutu. Anthu akandifunsa ndimati ndikulimbitsa mwendo. Zoona zake ndi izi ndikuuzenizi, ndipo musandiseke kwambiri chifukwa anzanu anaseka kale mokwanira.

Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi repu pa kamsika ka kwathu. M'mawa uliwonse ndimakaoda ku msika waukulu m'tauni, n'kubwera ndi beseni kumutu, kenako n'kuimirira pa thebulo mpaka dzuwa kulowa. Zaka zonsezi ndachita zimenezi nditavala patapata, zija zopyapyala zoti ukaponda kamwala umadziwa ngati n'kosongoka kapena kobulungira. (Ndilinso ndi thupi, sindibisa. Ondikonda amati ndine wodalitsika.)

Chidendene cha kumanzere chinayamba kupweteka mvula isanagwe. Ululu wake unali wachilendo. Ndikadzuka m'mawa n'kuponda pansi koyamba, zinkakhala ngati ndaponda msomali. Ndikayenda pang'ono unkachepa, mpaka ndinkaiwala. Koma ndikangokhala pansi kuti ndimwe tiyi, podzukanso msomali uja wabwerera pamalo pake. Bambo a kunyumba anati ndi munga, ndipo anandikumba ndi singano mpaka magazi, osapeza kanthu. Ndinaviika phazi m'madzi otentha a mchere. Ndinapaka mafuta aja otentha ogulitsa mu minibasi, amene amati amachiza msana, mutu ndi mano omwe. Ndinamwa mapilisi a ululu ngati chiponde. Miyezi itatu inatha, chidendene chili chomwecho.

Tsopano ndikuuzeni za Amake Taonga. Timakhala m'yadi imodzi, makomo athu ndi oyang'anana, ndipo takhala choncho zaka khumi ndi ziwiri. Iwo kwawo ndi ku Petauke, ine ku Katete. Ndi mayi wamasiye, wosalankhulalankhula, ndipo amadzithandiza pogulitsa madzi ozizira ndi maaisi, poti m'yadi monse ndi iwo okha ali ndi filiji. Pamene ndinkabereka mwana wanga womaliza, ndi iwo anandigwira dzanja mpaka ku kiliniki. Masana a Lamlungu ankakhala pa sitepe yanga, tikusenda nshawa ndi kudya miseche yaing'onoing'ono yosapha munthu. Ndinalibe mnzanga wina woposa iwo m'Lusaka muno.

Ataona ndikutsimphina, anandiuza kuti nditaye patapata, ndipeze nsapato zofewa pansi. Anati mng'ono wawo amagulitsa nsapato za salaula, zija zovalidwapo kale, ndipo akhoza kundisankhira zabwino. Ndinakana, ndinati sindine wopempha. Anandifunsabe saizi, ine n'kunena kuti sikisi. (Ndimavala eyiti. Phazi ili ndinatengera bambo anga, ndi lotambalala ngati khasu, ndipo chiyambire kusukulu ndakhala ndikulichotsera manambala awiri pakamwa.) Iwo anangoyang'ana pansi, pa mapazi anga.

Amene anandithira chiphe m'khutu ndi Bana Mwila, a thebulo loyandikana ndi langa pamsika. Tsiku lina atandiona ndikudzuka pa mpando ndikuluma mlomo, anandikokera pambali.

"Ba sisita, iyo si matenda ya ku chipatala," anatero motsitsa mawu. "Kuli munthu anatenga phazi yanu. Ndipo ni wa pafupi. Wa kutali angazibe bwanji pamene mupondela?"

Ndinawaseka. Ndinawakumbutsa kuti ine ndine wa bungwe la amayi kutchalitchi, yunifomu ndili nayo, zoterezi ndinazisiya ku Katete. Koma mawu oipa ali ngati utitiri, ukawasasa amatsalako m'msoko. Pobwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga m'mutu anthu a pafupi.

Kenako mvula inagwa, ndipo amene mukudziwa Kanyama mukudziwa matope ake. M'mawa wina nditachoka kukataya madzi, ndinasuzumira pa katani n'kuona Amake Taonga atanjuta pafupi ndi khomo langa, pomwe phazi langa lopanda patapata linadinda bwinobwino m'matope. M'manja anali ndi kamtengo. Anakagoneka pa phazi lija, n'kukathyola, n'kukamangirira ku nsonga ya chitenje. Asanadzuke anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosafuna kuonedwa. Ndinakhala pa bedi, ndipo chidendene chinapweteka kuposa masiku onse.

Munthu wanzeru akanatuluka n'kufunsa kuti kamtengoko n'kachiyani. Ine ndinagula tsache latsopano. Kuyambira tsiku limenelo ndikatuluka m'nyumba ndinkayenda chobwerera m'mbuyo, ndikusesa mapazi anga mpaka pageti. Kunja kwa geti ndinkasankha poponda, kudumpha kuchoka pa mwala uwu kupita pa uwo kuti ndisasiye chizindikiro, thupi lonseli likutera pa chidendene chodwala. Amake Taonga akanditumizira chikanda kapena tinsomba ta kapenta, ndinkalandira ndi manja awiri n'kukataya kuchimbudzi. Akabwera pa sitepe Lamlungu, ndinkati mutu ukundiwawa. Bambo a kunyumba anandifunsa ngati matenda achoka kuphazi n'kukwera kumutu, koma sindinawauze kanthu poti amuna sasunga nkhani.

Poona kuti tsache silikuthandiza, Bana Mwila ananditengera kwa mneneri wina wopemphera mu tenti, amene aliyense amangomutcha ba Papa. (Kutchalitchi kwathu ndinanama kuti ndapita kukaona wodwala. Mwa njira ina sindinaname.) Ba Papa anandiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti mdani wanga amamwa nane madzi a pompi imodzi. Ndinakhulupirira, osaganiza n'komwe kuti ku Kanyama munthu aliyense amene umamudziwa mumamwa naye pompi imodzi. Anandipaka mafuta, n'kundilamula kuvula patapata ndi kudinda chidendene pa simenti kasanu ndi kawiri, kuti ndiphwanye mutu wa mdani. Ine ndikachita chinthu ndimachita ndi mtima wonse. Pofika kachisanu ndinali kuona nyenyezi masana. Kunyumba ndinabwerera pa wilibala, nditakhala pakati pa matumba awiri a malasha, bambo wokankhayo akudandaula njira yonse kuti akanadziwa akanasankha simenti.

Kutacha, linali Loweruka, ndinadzikoka mpaka pa pompi ija, phazi litatupa. Amayi anali ambiri poti linali tsiku lochapa. Amake Taonga atandiona anasiya mzere n'kubwera kudzagwira ndowa yanga.

"Ba neba, lekani nikutapileni. Nkalani pansi."

Pamenepo m'pamene zinandithawa. Ndinawalanda ndowa n'kuwauza kuti andibwezere phazi langa. Ndinanena za kamtengo, za matope, za chitenje, zonse mokweza kuti ndi a kumapeto kwa mzere amve. Ndinati n'chifukwa chake maaisi awo amatha msanga pomwe tomato wanga akuwola. Zikanathera pompo mwina zikanakhululukika. Koma mlomo ukayamba kutsetsereka sugwirika, ndipo ndinawonjeza kuti tsopano ndamvetsa mmene amuna awo anafera. Amuna amene ine ndemwe ndinathandiza kuwasamalira pa matenda awo, ndipo pa maliro ndinagona m'nyumba mwawo sabata yathunthu.

Amake Taonga sanalire, sanatukwane. Anatembenuka n'kupita kunyumba, ine n'kuyang'ana amayi aja monyadira ngati ndagwira wakuba. Posakhalitsa anabwerera ndi pulasitiki yakuda n'kuyikhuthula pamaso panga. Zinali nsapato zothamangira, zochapidwa bwino, zokhuthala pansi ngati buledi. M'kati mwa ya kumanzere munali kamtengo kaja.

"Munaniuza ati sikisi," anatero ndi mawu awo a masiku onse. "Nayangana mendo yanu zaka twelofu, ba neba. Si sikisi. Nenze kuyembekeza chabe mufana wanga asegule belo ya nsapato."

Anawerama n'kugoneka kamtengoko pa phazi limene ndinali nditangodinda kumene m'matope. Kanakwana kuyambira ku chidendene mpaka ku chala chachikulu. Mayi wina kumbuyo ananena mosabisa kuti imeneyo ndi eyiti, ndipo kuseka kunayambira pamenepo. Amake Taonga okha sanaseke. Anatola ndowa yawo yopanda madzi n'kumapita.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwambowu ndimaudziwa. Ku Katete, Khirisimasi ikayandikira, bambo anga ankatiimika pa dothi, n'kuthyola phesi molingana ndi phazi la mwana aliyense, n'kupita nawo mapesiwo ku Chipata kukagula nsapato. Ndinaona zimenezi chaka ndi chaka. Koma tsiku lija pa katani ndinaona zimene Bana Mwila anandiuza kuti ndione.

Lolemba bambo a kunyumba ananditengera ku kiliniki, osandifunsa maganizo. Ba nesi anatsindika chala chachikulu pansi pa chidendene, pamalo penipeni pa msomali uja, ine n'kulumpha. Anatchula dzina lachizungu lalitali limene sindiyesa n'komwe kulibwereza. Anandifotokozera kuti kunsi kwa phazi kuli chingwe cholimba chochokera ku chidendene kufika ku zala, ndipo chikatopa ndi kuimirira nthawi yaitali, katundu wolemera ndi nsapato zopyapyala, chimayamba kupweteka. Munthu akagona chimakungika, n'chifukwa chake kuponda koyamba m'mawa kumawawa. Anati ndisanatsike pa bedi ndizikola chitenje ku zala n'kumakokera phazi kwa ine, ndiziwongola akatumba nditatsamira khoma, ndizikhala pansi nthawi zina pamsika, beseni ndiziligawa pawiri, ndipo ndisamayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba. Za thupi langa anazinena mwaulemu. Anati zikakanika pali ena ophunzitsa mafizo, ndiponso jakisoni, koma sayambira pamenepo, ndipo ndisayembekeze kuchira sabata imodzi chifukwa matendawa amatenga miyezi. Nditawauza za simenti ya ba Papa anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako anayang'ana kumapazi kwanga n'kunena kuti nsapato ndavalazo ndi zabwino kwambiri, amene anandisankhira amadziwa. (Inde, ndinazivala. Manyazi ndi manyazi, koma chidendene n'chidendene.) Pomaliza anati ndiziika botolo la madzi mu filiji mpaka liume, n'kumaligubuduza kunsi kwa phazi madzulo aliwonse ndikaweruka. Anandifunsa ngati ndili ndi filiji. Ndinati a neba ali nayo.

Ndinapempha bambo a kunyumba kuti akapereke botololo. Anakana, anati mlomo unali wanga, miyendo yopepesera ikhalenso yanga. Ndinadutsa yadi ija, masitepe asanu ndi limodzi okha, koma inatalika ngati ulendo wa ku Katete. Ndinagwada pakhomo pawo, botolo lili m'manja, n'kupepesa zonse, makamaka za amuna awo. Ndinalira, iwo ayi.

"Namvela," anatero, n'kulandira botolo.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka ndimapeza botolo louma pa sitepe yanga, litakulungidwa m'nyuzipepala kuti lisasungunuke msanga. Magetsi akazima tsiku lonse, amaliika pansi penipeni pa maaisi awo ogulitsa kuti lisungike. Sanaphonyepo tsiku. M'mawa ndimalibweza pa sitepe yawo, timapatsana moni, amandifunsa za mwendo, ndimayankha, basi. Pa sitepe yanga sanakhalenso. Lamlungu ndimasenda nshawa ndekha, ndipo ndimawasowa koopsa ngakhale ali pompo kuseri kwa katani. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ine ndinasesa mapazi onse ndi tsache latsopano n'kusiya mlomo pa pompi.

Papita miyezi isanu tsopano. Chitenje ndimakoka m'mawa uliwonse, khoma ndimalikankha mpaka a landilodi anafunsa ngati ndikufuna kuligwetsa, ndipo patapata ndinazisandutsa zotsekera chitseko. Msomali uja unachoka pang'onopang'ono, ndipo mwezi watha ba nesi anati botolo ndikhoza kulisiya.

Amake Taonga sindinawauze. Botolo limenelo ndi chinthu chokha chimene chikudutsabe pakati pa makomo athu, ndipo ndikuopa kuti ndikanena kuti ndachira, sipadzakhalanso chifukwa choti afike pa sitepe yanga. Choncho m'mawa uliwonse ndimalibweza, ndipo ndikamadutsa pakhomo pawo ndimatsimphina. Dzulo ndinaiwala n'kutsimphinira mwendo wa kumanja. Iwo anayang'ana pansi nthawi yaitali, monga anachitira tsiku lija ndinati sikisi, koma madzulo botolo ndinalipeza pa sitepe.