Kagalimoto ka Mipando Iwiri

Lolemba

Chigamulo chapangidwa. Ndikugula galimoto ya mipando iwiri.

Ndikulemba izi kuti m'tsogolomu wina asadzanene kuti ndinachita mopupuluma. Ntchito yanga ndi yosunga mafayilo a odwala pa chipatala chachikulu ku Edmonton, mu London muno, ku mpingo ndine mlembi, ndipo sindichita chinthu popanda chifukwa chomveka. Chifukwa ndi ichi. Galimoto imene ndili nayo ili ndi mipando isanu ndi iwiri, ndipo chiigulireni siinakhalepo yanga. Lamulungu lililonse ndimazungulira dera lathu lonse la Thamesmead kutola anthu opita ku mapemphero, pakuti kuno basi imabwera pamene yafunira. Ikapanda kunyamula kwaya, inyamula miphika ya amayi. Wina akamapita kumudzi, wokamutula ku bwalo la ndege ndine, pamodzi ndi masutikesi ofufuma ochita kukhalira kuti atsekeke. Mpingo wonse umaitcha Basi ya a Mlembi. Dzina limeneli sindinalivomerezepo.

Chimene ndikufuna ndi kagalimoto kaliwiro: kopepuka, kolekeza m'chiuno, kopanda denga, kopanda malo oikapo ngakhale thumba la ufa. Mpando umodzi wanga, wina wa akazi anga. Wachitatu kulibe. Munthu akadzati "mutitengeko," ndidzangoloza ndi chala. Ufulu!

Koma munthu wadongosolo sagula asanayese. Kunja kwa London kuli mabwalo amene amabwereketsa timagalimoto totere kwa tsiku limodzi, mphunzitsi atakhala pambali. Ndapeza atatu.

Bwalo A: magalimoto atatu, iliyonse kungoilawa. Chisokonezo.
Bwalo B: galimoto imodzi m'mawa wonse, malo abata, oonerera saloledwa.
Bwalo C: bwalo lakale la ndege ku Kent. Kapinga, ana, phokoso, aliyense amalowa.

Ndasankha B. Loweruka. Ndekha. Nkhani iyi ndi yachinsinsi.

Lachiwiri

A ku Bwalo B akufuna kudziwa msinkhu wanga ndi kulemera kwanga, ati mpando wake ndi wothina. Ndikukwera pa sikelo m'bafa. Akazi anga akulowa osagogoda.

"Bambo a Tadala, mukudwala?"

Sindinama. Ndinaleredwa motero, ndipo lero ndikuona kuipa kwake. Ndafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndi chithunzi chomwe ndawaonetsa. Aseka mpaka kukhala pansi m'mphepete mwa bafa.

"Kopanda denga? Mu London muno? Mvula munagwirizana nayo?"

Ndayankha kuti kali ndi chinsalu chophimba. Aseka kachiwiri. Pomaliza apukuta misozi nati akusangalala nane, munthu wagwira ntchito zaka zonsezi ayenera kukhala ndi kake. Alonjeza kuti sauza munthu. "Ine pakamwa panga m'potseka."

Madzulo Tadala, mwana wathu amene ali pa yunivesite ku Greenwich, watumiza uthenga. Monga mwa nthawi zonse, m'Chingerezi: "Dad, I love this for you." Sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti Tadala sindinamuuze ine.

Lachitatu

Zadziwika!

Foni yalira ndili pa nkhomaliro. Ndi Mayi Gondwe, wapampando wa amayi ku mpingo, namwino amene ngakhale madokotala amamupatukira m'khonde.

"A Mlembi, tamva kuti mukukachita mpikisano."

Ndafotokoza kuti si mpikisano, ndi kuyesa chabe galimoto.

"Chisoti mukavala?" Ndavomera. "Ndiye ndi mpikisano. Munthu sapita kokasewera ndi imfa yekhayekha ngati alibe abale. Tikuperekezani."

Ndatulutsa mfundo yanga yaikulu: bwalo limene ndasankha silimalola oonerera. Ndimayesa nkhani yathera pomwepo.

"Likubisa chiyani?" atero, n'kudula foni.

Posakhalitsa a Mbewe nawonso aimba. Awa ndi mkulu wathu woliza kiyibodi, wobadwira pa famu ku Zimbabwe, bambo awo anali a ku Dedza. "Achimwene, musaope. Ine ndayendetsa thirakitala kuyambira ndili mnyamata. Ndikakhala pafupi kukupatsani malangizo."

Ndawathokoza. Mkulu sakanidwa pa foni.

Zoyenera kukumbukira:
- kulimba mtima;
- kusasintha bwalo;
- kusakweranso sikelo chitseko chili chosakiya.

Lachinayi

Pobwera ku ntchito ndapeza amayi anayi m'chipinda chochezera, a Mbewe ali pa mpando wanga, tiyi ali pa tebulo. Akuti ndi msonkhano wadzidzidzi. Popeza ndine mlembi, andipempha kuti ndilembe zokambirana. Msonkhano wopanda wolemba ndi chipwirikiti, choncho ndatenga cholembera.

Mutu: kusankha bwalo. Mayi Gondwe aika mfundo zimene bwalo labwino liyenera kukwaniritsa:
1. Lilole oonerera.
2. Likhale ndi poyala nsalu.
3. Zimbudzi zikhale zaukhondo.
4. Lisaletse chakudya chochokera kunyumba.

Ndafunsa ngati mtundu wa galimoto uli pa mndandandawo. Andiyankha kuti galimoto ndi galimoto.

Bwalo A lagwa pa mfundo yachinayi. Bwalo B lagwa pa zonse, pakuti ngakhale zimbudzi zake palibe angaziperekere umboni. Bwalo C lapambana ndi manja asanu ndi limodzi, kuphatikizapo la akazi anga. Wotsutsa mmodzi: ine. Kutsutsa kwanga ndakulemba ndekha, momveka bwino, ndipo ndatsekera mzere kunsi kwake.

Ndikanatha kukana. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa mpingo uno kuti chimene msonkhano wagamula chimalemekezedwa. Ndagwidwa ndi lamulo langa lomwe. Ndaimba foni, ndasintha. Mwamwayi ku Bwalo C kagalimoto kamtundu womwewo kaliko, kachikasu.

Zina ndi zina: mmodzi wa amayi wafunsa kuti akwera chiyani popita ku Kent.

"Funso lanji limenelo?" atero Mayi Gondwe. "Basi ya a Mlembi ilipo."

Izinso ndazilemba.

Lachisanu

Zimene ndinakonza kutenga: layisensi, magalasi, nsapato zopyapyala kuphazi.

Zimene zili m'khonde mwathu tsopano: mphika waukulu wa nkhuku, mpunga, beseni la mandasi, mafulasiki, mpando wopinda wa a Mbewe, maambulera, zitenje zoyala, ndi chikwama cha Mayi Gondwe cha mabandeji ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Akuti "mwina."

Ndawerenga kuti polowa m'kagalimoto kameneka munthu amakhala ngati wakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula. Ndayeserera pa kapeti. Kukhala kwatheka. Kudzuka kwafuna dzanja la akazi anga ndi mwendo wa tebulo. Nkhani ya mawondo iunikidwe.

Komabe ndilembe choona. Masana, ndili ndekha pakati pa mashelefu a mafayilo, ndadzipeza ndikuliza injini ndi milomo, ndi kusintha magiya komwe. Mnzanga wa pantchito anasuzumira n'kubwerera. Mtima ukudumpha ngati wa mwana wa sukulu tsiku lotsekera. Mawa!

Loweruka

M'mawa. Mipando yonse isanu ndi iwiri yadzaza, mphika uli kumbuyo. Tadala akubwera payekha pa sitima. Pokhota paliponse mawu amodzimodzi ochokera kumbuyo: "Pang'onopang'ono, a Mlembi, msuzi!" Mawu amenewa ndawamva Lamulungu lililonse kwa zaka zambiri. Msuzi sunatayikepo m'manja mwanga.

Pa bwalo. Oyendetsa ena abwera ndi munthu mmodzi kapena awiri, aima chete ndi makapu a khofi. Ife tayala zitenje. Tagwirana manja mozungulira, a Mbewe apemphera, atchula matayala onse anayi, lililonse palokha. Mayi Gondwe andiyeza magazi. Akwera. Akuti ndi mantha, ine ndikuti ndi chimwemwe. Sitinagwirizane.

Kagalimoto! Kachikasu ngati papaya wakupsa, kafupi kuposa mmene ndimaganizira. Mphunzitsi ndi mtsikana wa msinkhu wa Tadala, waulemu, wosachedwa kuseka. Ndavala chisoti. Ndalowa, kapena ndinene kuti ndagweramo. Wandimanga malamba. Injini ikulira kuseri kwa msana wanga weniweni.

Ulendo woyamba kuzungulira. Ndikuyendetsa mwaukadaulo. Pokhota ndayatsa indiketa. Ndaponda buleki patali, mofatsa, ndakhota ngati ndanyamula mazira. Magalimoto ena akundidutsa ngati ndaima. Ku mpanda a Mbewe akukweza chala chachikulu: liwiro limeneli akulidziwa.

Ulendo wachiwiri. Chimodzimodzi. Mphunzitsi akulankhula m'chisoti, ndikumasulira: "Bambo, mumayendetsa mosalala kwambiri. Koma mukusamala chiyani? Pokhota paliponse mukuyang'ana kumbuyo."

Ndatsegula pakamwa kuti nditsutse, ndipo ndazindikira. Phazi langa likuteteza msuzi. Mphika uli pa kapinga, ndikuuona ndi maso anga, Mayi Gondwe akhala pambali pake. Koma phazi silikudziwa.

Ndamuuza. Waseka mpaka chisoti chake chagunda changa. "Kumbuyo kulibe kanthu," akutero. "Kumbuyo kwakeko kulibe. Pondani!"

Ndaponda.

Mayo ine! Msana wamatirira ku mpando, mphepo ikukoka masaya, mitengo yasanduka mzere umodzi wobiriwira. Pokhota kagalimoto kakutembenuka ndisanamalize kuganiza. Palibe chikugubuduka, palibe chikukhavukira, palibe akuti "ndisiyeni pa sitolo." Pali munthu wina akukuwa. Ndafufuza: ndine. Mlembi wa mpingo, wosunga mafayilo, ndikukuwa ngati mbuzi yaona chipata chotsegula!

Podutsa pa mpanda ndamva nthungululu kupyola phokoso la injini. Amayi onse aimirira, zitenje m'mwamba. Akazi anga akudumpha. Tadala akujambula. A Mbewe akupiza chipewa, malangizo aiwala. Ulendo wotsatira ndaona Azungu a khofi aja nawonso akuomba m'manja, wina akuyesa nthungululu, zikumukanika. Ndilembe mosabisa: ku Bwalo B izi sizikanachitika.

Kutsika. Malamba amasulidwa, injini yazima, ine sindikutuluka. Mawondo akana. Mphunzitsi wakoka, zakanika. Abwera a Mbewe mbali iyi, Mayi Gondwe mbali inayo, akazi anga kukhosi kwa jekete. Andizula ngati chinangwa.

"Mukanabwera nokha, akanakuzulani ndani?" afunsa Mayi Gondwe. Ndavula chisoti.

Tadya pa kapinga. Mphunzitsi wadya mandasi atatu, anzake a pa bwalo abwera ndi mbale zapepala. Mayi Gondwe azungulira kagalimoto kaja mwakachetechete, asuzumira mpando wa wokwera, auyeza ndi dzanja. Ndikuganiza kuti amvetsa tsopano kuti mulibe malo.

Ndikugula. Palibe chondibweza.

Lamulungu

Titaweruka ku mapemphero, pa nthawi ya tiyi, ndaima n'kulengeza mwaulemu kuti basi ikugulitsidwa, ndipo m'malo mwake mukubwera kagalimoto ka mipando iwiri. Ndinakonzekera madandaulo. Mayankho ndinali nawo.

M'manja! Holo yonse!

"Gulani ndithu, a Mlembi," atero Mayi Gondwe. "Dzulo taona tokha mmene kamathamangira. Mipando iwiri si vuto. Muzititenga mmodzimmodzi, muzingobwerera. Ine woyamba, chifukwa ndimatsegula holo. Mphika ndiziufungata pamiyendo, ndayeza kale, ukwana."

A Mbewe akuti popeza denga kulibe, kiyibodi iziimirira. Kanema wa Tadala wafika pa foni ya aliyense. Mabanja awiri amene ali ndi magalimoto awoawo apempha kuti nawonso aikidwe pa ndondomeko. A kwaya akufunsa ngati Lachitatu ndimapezeka. Wina ali ndi ukwati mwezi wamawa.

Ndakhala pansi. Ndi mipando isanu ndi iwiri ndimazungulira Thamesmead kamodzi. Ndi iwiri ndidzayamba kusanache, ndipo ulaliki ndizidzaumvera pa zenera pobweretsa munthu womaliza.

Ndayang'ana akazi anga. Akuyang'ana m'kapu, mapewa akugwedezeka.

Chigamulo cha Lolemba chathetsedwa. Basi ikhala. Msonkhano wagwirizananso kuti ulendo wa ku Bwalo C uzichitika chaka ndi chaka, ndipo amayi atatu alembetsa kuti adzayendetse okha. Wowanyamula popita akudziwika. Wotsutsa: palibe. Ndinafuna kukweza dzanja, koma linali ndi mandasi.

Pobwerera, mipando yonse yodzaza, mphika wa zotsala uli kumbuyo. Pafupi ndi kwathu pali pozungulira paja pamene ndimayenda ngati maliro. Msewu unali woyera. Ndaponda. Pang'ono chabe, mosaphwanya lamulo.

"A Mlembi, msuzi!"

Watayika. Koyamba chiigulireni galimoto.

Kapeti ndatsuka ndekha. Fungo la nkhuku likhalitsa. Ndikumwetulirabe, ndipo izi sizilowa m'zokambirana.