Mmene ndinapirikitsira njovu ndi foni ndi mphuno yanga

Inu atsikana amene mwandanda ndi zidebe pamjigo pano, mitu mwazolika pa mafoni, ndakuonani mukugundana zigongono nditanena kuti foni simuidziwa. Sekani ndithu. Wina wanong'ona kuti amake Chisomo ayamba zawo zija, ndamumva. Koma madzi akutuluka pang'onopang'ono lero, palibe achoke msanga, ndiye mumvetsera, ndipo wokayika akafunse mudzi wonse wa Kawaza ngati kunali mkazi amene anagwira foni yopanda mabatani ine ndisanaigwire.

Foni ija inabwera ndi atate ake Chisomo. Iwo amachapa ndi kusita zovala za alendo ku loji ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo nyengo ya alendo ikafika amagona komweko, kunyumba amangobwera mwa apo ndi apo. Mlendo wina atakondwera ndi kasitidwe kawo ka malaya anawasiyira foni yake yakale popita. Inali yakuda, yolemera ngati mwala wonolera mpeni, kumaso kuli galasi lokhalokha. Apongozi anga anaitenga, kudziyang'anirapo, kukonza mpango wa kumutu, n'kundibwezera akuti kalilole ameneyu ndi wamdima. Mwamuna wanga anaisiya kwa ine kuti azimva mawu a mwana, poti Chisomo, mtsikana wanga woyamba, anali atangoyamba kukwawa. Anandilangiza chinthu chimodzi chokha, kuti ndisamaidinikize ngati ndikupha nkhupakupa, ndizingoisisita. Zina zonse ndinaphunzira ndekha, ndipo ndikupatsani ulere.

Foni yagalasi imadana ndi dzuwa la kuno kuchigwa. Tsiku lina mu Okutobala ndinaiiwala pamwala ndikuchapa, ndipo pobwera ndinaipeza yatentha moti ndinathirapo mtedza wodzaza dzanja, kukazinga, kusinja, kutendera nkhwani, anthu kudya mpaka kunyambita zala, koma foniyo inadwala malungo sabata yathunthu, ikungozimazima. Kuyambira pamenepo ndinkaikulunga m'kansalu kouma n'kuisunga pamthunzi, kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa.

Batire nalo limafuna munthu wamaso. Kuwala kwa galasi muzichepetsa, ndipo tinthu tonse mwatsegula tija muzititseka mukatha nato, chifukwa timabisala kuseri ngati alendo a pamaliro amene anatsanzika dzulo koma akadali kukhitchini akudya. Ine ndinkatseka zonse, moti nditatchaja pa sola ya kugolosale nthawi yokolola mapira, batire linandifikitsa mpaka mvula yoyamba, ndipo moto unatsalako wina umene tinalizira galimoto ya alendo imene inazima pamchenga. Mukumva? Dalaivala wake akadali moyo, amandipatsa moni mpaka lero.

Za netiweki musandiuze. Masiku amenewo sinkafika m'nyumba ngati lero, inkathera pachulu chachikulu cha kuseri kwa munda wathu, ndipo amuna ankakwera pamenepo n'kumakuwa atakweza dzanja ngati akulumbira kukhoti. Ine ndinaona kuti imakhala yambiri m'mawa, dzuwa lisanaiumitse, choncho ndinkalawira ndi chidebe, kutunga pachulu, kuvundikira bwino, kusenza, kufika nayo kunyumba, ndipo ndinkaimba foni nditakhala pakhonde mutu ndalowetsa m'chidebe, mwana akuyamwa. Yotsala ndinkagawira oyandikana nawo pa kapu.

Koma chimene ndinachikonda kwambiri ndi kujambula mawu. Inu mumangojambula milomo yanu mutaitukula. Ine ndinajambula kuseka kwa Chisomo kuti atate ake azikumva akabwera, ndinajambula nkonono za apongozi poti ankakana kuti sachita nkonono, kenako nditamva kwa asikauti a nyama kuti njovu imaopa njuchi kuposa mfuti, ndinakwera mlambe wa kudambo, foni ndaluma pakamwa, mpaka pamphako pamene njuchi zinamanga, n'kuzijambula. Zinalowa bwino kwambiri moti kwa masiku angapo uchi unkadontha pa kabowo kotchajira, nyerere zikunditsatira kulikonse, ndipo apongozi ankathira foni yanga m'phala la mwana.

Tsopano lamulo lalikulu ndi ili: galasi limamvera khungu louma. Chala chonyowa, chala chamafuta, chala chathukuta, silichidziwa. Ine ndinaphunzira zimenezi pa tsiku loipa.

Munali mu Novembala, mango atapsa, nthawi imene njovu zimaiwala kuti paki yosungirako nyama ili ndi malire. Mukudziwa mmene timachitira: kutola ndowe za njovu zaziwisi, kusakaniza ndi tsabola wosinja ndi madzi pang'ono, kuumba njerwa n'kuyanika, kuti tiziotcha m'mbali mwa mudzi utsi wake uzizibweza. Ndinali pa ntchito imeneyo masana dzuwa lili paliwombo, manja ali m'beseni mpaka m'zigongono. Apongozi anali kumsonkhano wa amayi a mpingo, amuna ali kumtsinje, mudzi uli zii. Chisomo ndinali nditamugoneka pachitenje pansi pa mtengo wa mango, kutali pang'ono, kuti fungo la tsabola lisamutsamwitse.

Njovu simveka ikamayenda, inu mukudziwa. Chimene ndinaona ndi nkhuku zitasiya kupalasa, kenako dzuwa kuzima ngati wina watseka chitseko. Nditadzutsa mutu, iyo inali itaima kale pakati pa ine ndi mwana wanga, yamphongo, msana wake ukupalasa mitambo, makutu ngati malata a tchalitchi, minyanga yaitali moti mbalame imene inatera pansonga inkalira koma mwini wake osaimva, chitamba chikuthyola mango m'mwamba ngati munthu wosankha tomato pamsika. Phazi lake lakutsogolo linali pamphepete pa chitenje. Chisomo anali m'tulo, chala chili m'kamwa.

Apa ndiye sindikusekanso. Kukuwa sindikanakuwa, chifukwa njovu yodzidzimuka imaponda paliponse. Kuthamangira mwana sindikanatha, njira inali m'miyendo yake. Moto wootchera njerwa panalibe, njerwazo zinali zaziwisi. Ndinali ndi foni yokha, pachifuwa, m'kati mwa bulauzi.

Ndinaitulutsa ndi zidzanja zandowezo, kusisita galasi, osatheka, kusisitanso, chala kumangoterereka n'kusiya mzere wa tsabola, foni ili duu ngati sinandionepo chibadwire, ine amene ndinkaigoneka pamthunzi ngati mwana wakhanda. Popukutira panalibe, chitenje chimene ndinavala chinali chonyowa ndi thukuta ndi madzi a m'beseni. Ndinadzifufuza thupi lonse kuti pouma ndi pati, ndipo ndinapeza malo amodzi okha, nsonga ya mphuno. Mukumva? Ndinapanira foni pakati pa mikono, kuwerama, kujambula ndi mphuno pagalasi kanjira kamene foniyo imatsegukira, ndipo inatseguka. Mphuno ilibe maso, choncho poyamba inatsegula chithunzi cha atate ake Chisomo ataima ndi simbi yositira akumwetulira, ndinawauza mumtima kuti pepani bambo, si nthawi yake. Kachiwiri inatsegula nkonono za apongozi, ndinazitseka msanga zisanagwetse nyumba. Kachitatu ndinapeza njuchi.

Koma ndisanazilize ndinaima kaye, ndipo apa mumvetsetse, chifukwa kudziwa foni si kudziwa pokhudza pokha. Njuchi zikanalirira kumbali yanga, njovu ikanathawira kutsogolo, kumene kunali mwana. Zinayenera kulirira kumbali ya Chisomo kuti iyo ibwerere kwa ine. Pafupi panali mtsuko umene ndinali nditakhuthula madzi ake m'beseni, ndipo ndinkadziwa kale kuti foni ukaiponya mumtsuko wopanda kanthu imalira ngati wailesi ya pa ukwati. Mwayi wanga unali wakuti poyambira pa zimene ndinajambulazo pankangomveka ine ndikupuma wefuwefu pokwera mlambe, njuchi zinkabwera pambuyo. Ndinakhudza ndi mphuno, kuponya foni mumtsuko, kuugoneka cham'mbali, kuukankha ndi phazi, ndipo unagubuduka, kudutsa pakati pa miyendo yakumbuyo, kudutsa pansi pa mimba, kulambalala mango akugwa, kukhota wokha pa phazi lakutsogolo ngati njinga ya munthu wodziwa njira, n'kukaima kumapazi a mwana wanga kukamwa utalozetsa kwa njovu.

Ndiye zinalira. Zinalira moti masamba a mango anapotana, madzi m'zitsime anachita mafunde, ndipo njuchi zenizeni za dera lonse la Lupande zinanyamuka m'ming'oma ndi m'mphako kudzaona kuti ndani wamanga mudzi waukulu chonchi osazidziwitsa. Njovu inatambasula makutu, kupinda chitamba n'kuchibisa m'kamwa, kuchotsa phazi pachitenje mwaulemu ngati mkamwini wolowa molakwika kuchipinda cha apongozi, n'kuyamba kubwerera chambuyo, chambuyo, kulunjika pamene ndinagwada ine, matako ake akubwera ngati khoma la sitolo likugwa. Mwana anapulumuka, koma ine ndinali pafupi kukhaliridwa.

Nthawi imeneyo tsabola uja ndinatola ndi mphuno pagalasi anali atafika kumene ankapita. Ndinayetsemula kamodzi. Ndikulumbira pa chidebe changa ichi, njovu inanyamuka miyendo yonse inayi, kutembenuka m'mwamba, kudutsa pamwamba pa chulu cha netiweki, kudutsa dambo, kuwoloka Luangwa mvuu zikuiyang'ana kukamwa kuli yasa, ndege imene inkati itere ku Mfuwe inazungulira kaye kuti iipatse njira, ndipo inakatera m'paki momwe, pamaso pa galimoto ya alendo amene anali atadandaula m'mawa wonse kuti sanaone kanthu. Mango a mudzi wonse anagwa nthawi imodzi, akupsa ndi aawisi omwe, mipango ya amayi a mpingo inauluka ali pakati pa pemphero, koma pachitenje cha Chisomo sipanagwe ngakhale tsamba.

Ndinathamanga kukafika pa mwana, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakumbukira manja anga. Tsabola mpaka m'zigongono, tsabola kumphuno, tsabola pachifuwa. Kumunyamula sindikanatha, ngakhale kumupsompsona. Ndinagona pansi pambali pake, mikono nditaitambasulira kutali, khutu ndaika pafupi ndi kukamwa kwake, n'kumamvetsera akupuma. Njuchi za mumtsuko zinalira mpaka kutha, ine ndili pomwepo.

Apongozi anandipeza choncho. Anayang'ana ine, kuyang'ana mwana, kenako anayang'ana nthawi yaitali chidindo cha phazi chimene chinatsala pamchenga, m'mphepete mwa chitenje. Anamunyamula Chisomo n'kumubereka kumbuyo osamudzutsa, anatenga mafuta ophikira ndi sopo, kukhala pansi, n'kuyamba kunditsuka manja chala chimodzichimodzi ngati ndine mwana wawo wobereka okha.

“Amake mwana, misoziyi ndi ya chiyani?”

“Ndi tsabola, amama.”

“Eya,” anatero, akupitiriza kutsuka. “Tsabola wa chaka chino ndi wowawa.”

Atate ake Chisomo ataimba madzulo, apongozi anangowauza kuti kunyumba kuli bwino, mango agwa ambiri, abwere ndi thumba. Zinazo ndinawafotokozera ndekha atabwera, ndipo anangokadula nthambi zonse za m'munsi za mtengo uja n'kumanga kakhumbi pafupi ndi khonde koti mwana azigonamo masana.

Masiku ano apongozi akamafotokoza nkhaniyi amati njovuyo inali yapakatikati, ndipo inachoka yokha itakhuta. Ndimawakonda, koma kunalibe iwo, anali kuthamangitsa mpango wawo kutchalitchi. Za ndege zija, chabwino, sindinaione ndi maso anga, ndinangomva kulira kwake, mwina inali kuzungulira pa zifukwa zake. Koma mboni ndili nayo, imene inalipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pafupi ndi njovu kuposa ine. Uyo akubwera apoyo, Chisomo mwiniwakeyo, ndi yunifolomu yake ya sukulu, akukoka nsapato m'fumbi. Muitaneni mumufunse. Akuuzani kuti sanaone njovu, sanamve njuchi, sanamve kuyetsemula, sakudziwa kalikonse. Ndiye inu, ndi mafoni anu a makamera atatuatatu, ndani angachotse njovu pamutu pa mwana, mwanayo osadzuka n'komwe?