Tsiku limene ndinakweza apongozi pa sikelo

Ndiyambe ndi kunena kuti laisensi yoyendetsera ndege ndili nayo ndithu, si yogula ayi. Chimene ndinalibe tsiku limenelo ndi nzeru, ndipo mpaka lero apongozi anga akamva mawu anga pafoni amayamba aseka kaye asanayankhe moni.

Kuno ku Indiana ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Ntchito njabwinobwino, koma mbiri imene inafika ku Kasungu, kwawo kwa mkazi wanga Tadala, inali yakuti mkamwini amasambitsa azungu. Mawu amenewo ankandidya mumtima. Ndiye nditaphunzira kuyendetsa tindege ta mipando inayi, Loweruka ndi Loweruka osapuma, ndinati basi dzina langa layera. Apongozi atabwera kudzacheza kwathu ku Beech Grove, ndinakonza zowanyamula pamodzi ndi mwana wawo kupita ku Florida, tikauluke m'mphepete mwa nyanja yamchere, akaone mchenga woyera ndi mitengo ya kokonati ali m'mwamba. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti akabwerera kumudzi akanene kuti mkamwini wawo ndi Kaputeni.

Ulendowo ndinaulengeza kutchalitchi (ndinati ndikupempha mapemphero, koma Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna andiwombere m'manja). Pofika Lachiwiri nkhani inali ili ku South Bend, tauni ina ya kuno yodzaza Amalawi, ndipo zinadziwika kuti Mmalawi aliyense kumeneko ali ndi m'bale ku Florida. Oyamba kuimba foni anali Mayi Gondwe, mtsogoleri wa amayi kumpingo wa kumeneko.

"Akaputeni, tamva mukuflaya. Ndili ndi kaphukusi kakang'ono chabe, mukangodiliva kwa achemwali ku Tampa."

Munthu wakutchula Kaputeni ungamukanize bwanji? Kaphukusiko kanali thumba la ufa ndi katoni ya usipa. Ena anabweretsa nyemba za kwathu, zitenje, wina mpaka poto wamkulu wa pamaliro. Onse ndinawalandira ndi manja awiri.

Tsono kandege si minibasi ya ku Limbe yoti sunthanani pang'ono, anayi anayi. Usananyamuke umalemba papepala kulemera kwa munthu aliyense, katundu aliyense, ndi pamene akhale, chifukwa kumbuyo kukalemera kandege kamaloza mphuno kumwamba n'kugwa. Ndinafunsa Tadala monong'ona kuti amayi amalemera bwanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundiuza kuti ndikawafunse ndekha.

Ine amene sindinawayang'anepo m'maso, amene tikakumana pakolido ndimamatirira kukhoma kuti adutse, ndikafunse zimenezo? Ndinangowayeza ndi maso atafulatira. Apongozi anga ndi mayi wodalitsika thupi, koma cholembera changa chinachita ulemu, chinalemba nambala ya mtsikana wa Fomu 2. Kulemera kwanga ndinalemba kwa tsiku la ukwati. Maphukusi ndinawapima ndi dzanja n'kuwakhululukira onse.

Loweruka m'mawa tinafika pakabwalo ka ndege kunja kwa Indianapolis, n'kupeza galimoto zitatu za ku South Bend zatidikira kale, mafoni ali m'mwamba. Ine ndinali mu shati yoyera ndi magalasi akuda, ngakhale kunali mitambo. Mwini kandege kamene ndinabwereka, mdala wina wachizungu dzina lake Gary, anawerenga pepala langa, anayang'ana mulu wa katundu, anayang'ana apongozi, anabwereranso papepala. Analowa m'shedi n'kutuluka akukoka sikelo yachitsulo, yonga ya kumsika wa fodya. Anati aliyense akwere, apo ayi makiyi sapereka.

Ndinanjuta chapatali, maso pansi, n'kuuza Tadala kuti awauze amayi kuti mzunguyo akupempha, mwaulemu wonse, kuti aime pang'ono pachitsulopo. Ndinkayembekeza mkwiyo, koma iwo anangovula nsapato, kumangitsa chitenje, n'kukwera mwakachetechete. Gary, posadziwa mwambo, anawerenga nambala ya mapaundi ija mokweza ngati akuitana wodwala kuchipatala. Mayi Gondwe, pofuna kuthandiza, anaisandutsa makilo mokwezanso kuti aliyense amve.

Apongozi anatsika, anavala nsapato, kenako analankhula akuyang'ana mwana wawo.

"Tadala, auze bambo akwerenso. Tione ngati iwo ndi nthenga."

Ndinakwera. Bodza limene ndinadzinamizira ndekha linaposa limene ndinawanamizira iwo (zaka zisanu ndi ziwiri za nkhuku yokazinga sizibisika pachitsulo). Anthu a ku South Bend anaseka mpaka ena kugwira matayala a galimoto.

Gary anawerengera n'kugamula kuti pali njira ziwiri. Anthu atatu apite popanda phukusi ngakhale limodzi, ndipo apongozi akhale kutsogolo, phewa ndi phewa ndi ine, maola onsewo. Kapena katundu apite, anthu atsale. Nditamasulira zimenezi, Mayi Gondwe anayamba kusisita katoni yawo ya usipa ngati mwana wodwala. Ine mumtima ndinkapemphera kuti apongozi aiwale mwambo tsiku limodzi lokha.

"Ine kukhala mogundana ndi mkamwini? Zimenezo ayi," anatero, akuuzabe Tadala. "Komanso katundu wa anthu akalandiridwa sabwerera. Iwo anavomera okha, akapereke."

Tadala anati sangasiye amayi ake okha, ndipo ndikukhulupirira kuti anali akubisa kuseka.

Ku Florida ndinapitadi. Gombe lake ndi lokongola zedi, sindinama: madzi obiriwira oonekera mpaka pansi, tizilumba tambirimbiri, mchenga woyera mbee ngati ufa wopetedwa. Zonsezi ndinazionetsa thumba la Mayi Gondwe, limene linakhala pampando wakutsogolo litamangidwa lamba. Dzuwa litatentha, usipa unayamba kulankhula kumbuyo, ndipo ndinalira misozi, ina ya fungo, ina ya manyazi. Masiku awiri ndinangozungulira m'makomo mwa anthu osawadziwa, ndipo achemwali a ku Tampa anandifunsa chifukwa chake ufa unachepa.

Apongozi anabwerera ku Kasungu mwezi wotsatira. Ndinadikira sabata zitatu, kenako ndinafunsa Tadala kuti kodi kumudzi akuti chiyani za ine. Anandimvetsera uthenga wamawu wa amayi ake akufotokozera anzawo pakhonde.

"Zosambitsa azungu zija anasiya. Pano amanyamula usipa wa anthu pandege. Koma mukapita kwawoko musadye kwambiri, amayamba akukwezani pa sikelo ngati belo la fodya."

Dzulo Mayi Gondwe anaimbanso, akuti Akaputeni, kaphukusi kakang'ono chabe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma dzina limenelo palibenso wina amanditchula. Ndawauza abweretse Lachisanu.